Wilo, Misala ndi Chilankhulo cha Womwalira

Ku Glen Norah, mumzinda wa Harare, kuli mabanja a machona amene anachoka ku Nyasaland kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia ndipo sanabwererenso kwawo. Ambiri alibe munda kapena mudzi ku Zimbabwe, kotero chuma chawo chenicheni ndi nyumba imodzi ya m'tauni. Mkulu wotere akamwalira atalemba wilo yopereka nyumbayo kwa mwana wa mlongo wake wa ku Dedza, ana ake obereka angathe kudandaula kukhoti kuti bambo awo anali atasokonezeka mutu. Kodi kupereka chuma mosiyana ndi zofuna za ana ndi umboni wa misala?

Lamulo la Wills Act la ku Zimbabwe limalola munthu wa zaka 16 kapena kuposerapo kulemba wilo, pokhapokha ngati pa nthawi yolembayo sankazindikira tanthauzo ndi zotsatira za chimene akuchita. Wotsutsa ndiye ayenera kubweretsa umboni. Mu 2020, pa mlandu wa Chigwada v Chigwada, khoti la Supreme linagamula kuti munthu ali ndi ufulu wopereka chuma chake kwa amene wafuna, ngakhale kumana mkazi kapena mwamuna wake. Popeza kukondera pakokha sikuthetsa wilo, omanidwa amakopeka ndi mlandu wa misala.

Ku England, mu 1870, khoti linavomereza wilo ya John Banks, munthu amene ankakhulupirira kuti mizimu yoipa ikumulondola. Oweruza anati chofunika ndi chakuti wolemba adziwe chimene akuchita, chuma chimene ali nacho, ndi abale oyenera kuwaganizira, ndiponso kuti matenda ake asapotoze kagawidwe kake. Matenda amaganizo pawokha samlanda munthu mawu ake omaliza.

Kwa mchona, mlanduwu umavuta pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi mwambo. Achewa amatsata mtundu wa kuchikazi, ndipo kusiyira mwana wa mlongo n'kwanzeru kwa munthu woleredwa ndi malume ake, pamene ana okulira pakati pa Ashona, otsata kuchimuna, amaona ngati kuzungulira mutu. Chachiwiri ndi chilankhulo. Okalamba ena odwala matenda oiwalaiwala amataya zilankhulo zimene anaphunzira atakula ndi kutsala ndi chobadwa nacho. Mkulu wosiya Chishona n'kumayankhula Chichewa chokha angakhale akudwaladi, koma angakhalenso akuganiza bwino m'chilankhulo chimene ana ake sachimva. Mboni yonena kuti ankangobwebweta iyenera kufunsidwa ngati inkamva zimene iye ankanena.

Izi sizitanthauza kuti wilo iliyonse ndi yopatulika. Alipo achibale amene amasayinitsa wodwala pepala la Chingerezi limene sanalimvetse, ndipo kutsutsa wilo yotere ndi kuteteza womwalirayo. Koma mwana amene akudziwa mumtima kuti bambo ake anali ndi nzeru zawo, n'kuwatchula wamisala kuti apeze nyumba, amanamizira munthu amene sangathenso kudziyankhira.

Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amawerengera Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Choncho nkoyenera kuti wilo ya mkulu wa ku Glen Norah imuwerengedwere m'Chichewa asanasayine, pamaso pa mboni zomva chilankhulocho, ndiponso dokotala ngati thanzi lake likukayikitsa. Umboni wa nzeru za munthu umapezeka mosavuta mwini wake akadali moyo.