Kodi Wosankhidwa Ndi Wa Yani?

Tiyerekeze nkhalamba zopuma nchito ku migodi ya Kitwe ndi Luanshya zabwerera kwao ku Katete, ndipo zapanga bungwe lothandizana. Posankha osunga thumba pabuka mkangano. Okonda nsolo afuna ndalama zimangire cisakasa ca masewera ao; ena afuna zigule mankhwala ndi kulipira ulendo wa ku Mkaika, kukalamba Kalonga Gawa Undi m'mwezi wa Ogasiti. Gulu liri lonse liimika munthu wake.

Kodi wopambanayo atumikire okhawo amene anamkwezera manja? Ine nditi iai. M'thumbamo anasonkha onse, ngakhale gogo wakhungu amene sasunthanso mwala pa nsolo. Wa nsolo akapambana, ayambe wapita kwa gogoyo kukafunsa za mankhwala ake; cisakasa cidikire mvula ithe.