Opaleshoni ndi ya ola limodzi, ulendo ndi wa miyezi

Tsiku la sikelo pa Neno Boma amayi amadzaza mabenchi, uyu akuyamwitsa, uyo akufunsa mnzake kuti wake wafika makilo angati. Nthawi zina kumapeto kwa benchi kumakhala mayi amene wafunditsa mwana chitenje mpaka kumaso, dzuwa likuswa mtengo. Mwanayo anabadwa ndi mlomo wong'ambika, ndipo mayi ake atopa ndi maso a anthu.

Kumudzi milandu imakhala itagamulidwa kale. Ena amati mayiyo anaseka wolumala ali woyembekezera, ena amati pali amene anatsempha, ena amaloza nkhalamba ya kuseri kwa dambo. Achipatala amafotokoza zina. Mlomo wa mwana umalumikizana m'mimba pakati pa sabata yachinayi ndi yachisanu ndi chiwiri, nthawi imene amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti aima. Ukapanda kulumikizana bwino pamatsala mpata, ndipo kwa ana ena mpatawo umafika kumwamba kwa m'kamwa. Nthawi zina ndi zakumtundu. Fodya, matenda a shuga ndi mankhwala ena a khunyu zimawonjezera chiopsezo. Padziko lonse, pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 700 amabadwa chonchi, ndipo zimachitika ku London ngati kwa Dambe kuno ku Neno.

Chithandizo chilipo m'dziko muno. Bungwe la Operation Smile lakhala likugwira ntchito ku Malawi kuyambira mu 2012, kusoka milomo kwaulere m'zipatala zikuluzikulu monga Kamuzu Central ndi Zomba Central. Ku Blantyre, pa Queen Elizabeth, chipatala cha ana cha Mercy James chinatsegulidwa mu 2017. Kusoka mlomo kumatenga pafupifupi ola limodzi. Nanga bwanji timakumanabe ndi ana a msinkhu wa sukulu amene sanasokedwe?

Ine ndikuona kuti mwana wa ku Neno amataya mwayi wake asanaonane ndi dokotala wa opaleshoni. Vuto loyamba ndi bere. Mwana amene kumwamba kwa m'kamwa kwake kuli kotseguka amalephera kukoka mkaka. Amayamwa n'kutopa, mkaka wina n'kutulukira m'mphuno, sikelo n'kuima. Madokotala sangagoneke mwana wonyentchera, wochepa magazi kapena wachifuwa, pakuti angamutaye patebulo. Kawirikawiri amafuna mwana wa miyezi itatu kapena kuposa, wa makilo pafupifupi asanu. Banja limene lagulitsa mbuzi n'kukafika kutauni likhoza kuuzidwa kuti libwerere, mwana akayambe wanenepa. Atabwerera chimanjamanja chotero, ndani angagulitsenso mbuzi ina?

Vuto lachiwiri ndi njira. Timati opaleshoni ndi yaulere, koma wa kabaza wa njinga yamoto amafuna zake, matola mpaka pa Zalewa amafuna zawo, basi ya ku Blantyre chimodzimodzi. Msewu wotsika kuchokera pa Boma anthu akhala akuulira kwa zaka zambiri, makamaka nyengo ya mvula. Mayi amafunikanso womudikirira kuchipatala, ufa ndi ndiwo za masiku angapo, uku mbatatesi ikudikira kupalira ndipo ana ena atsala ndi agogo. Mwana wong'ambika m'kamwa amafunikanso opaleshoni yachiwiri akamakwanitsa chaka, kuti adzathe kulankhula bwino. Ulendo umenewu ndi wobwereza.

Wina anganene kuti boma losauka ngati lathu lili ndi malungo, TB ndi uchembere zoti lithane nazo, ndipo mlomo wong'ambika supha. Wonena zimenezi akaone khadi la kusikelo la mwana wosayamwa. Ndiponso zofunika kuchita pano si zodula. Neno inadulidwa ku Mwanza mu 2003, ndipo kuyambira mu 2007 bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo, mpaka kukhala ndi anthu oyendera mabanja khomo ndi khomo. Miyendo yofika kumidzi ilipo kale. Mwana wotere akabadwira ku Lisungwi, ku Nsambe kapena pa Boma, dzina lake lilembedwe tsiku lomwelo. Namwino aphunzitse mayi kufinya mkaka ndi kumwetsa ndi kapu kapena sipuni, pang'onopang'ono, mwana atamukhazika chilili. Mlangizi wa zaumoyo azimuyeza kawirikawiri. Tsiku la opaleshoni likadziwika, mabanja anyamulidwe pagalimoto imodzi, ana atayezedwa kale kuti palibe wokabwezedwa.

Ntchito yotsala ndi ya pakamwa pathu. Mfumu, abusa ndi anankungwi akanena poyera kuti mayiyo sanalakwe, bambo amene amaganiza zothawa banja amachita manyazi, ndipo mayi amavundukula mwana kusikelo. Makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Dokotala wa ku Blantyre adzagwira singano ola limodzi. Miyezi itatu yofikitsa mwanayo pa makilo asanu ili m'manja mwa ife a kuno ku Neno.