Pamene Mnansi Akana Kugwira Nawo Ntchito

MU 1980, Orangi anali malo aakulu okhalako anthu osauka m'mphepete mwa mzinda wa Karachi, ku Pakistan. Anthu anadzimangira nyumba okha, koma kunalibe mipope yochotsera madzi oipa, ndipo zonyansa zinali kuyenda m'tinjira ta pakati pa nyumba mmene ana anali kuseŵera. M'chaka chimenecho, Akhtar Hameed Khan anayambitsa makonzedwe otchedwa Orangi Pilot Project. Akatswiri ake anali kupima malo, kujambula mapulani, ndi kupereka uphungu, koma ndalama ndi ntchito yokumba zinachokera kwa eni nyumbawo. Mabanja a m'kanjira kamodzi anali kusankha mmodzi wa iwo kukhala woyang'anira, kusonkha ndalama, ndi kudziikira mipope. M'kupita kwa zaka, nyumba zikwi makumi ambiri zinathandizidwa mwanjira imeneyi, pamtengo wotsika kwambiri.

Nkhani zonga imeneyi nzolimbikitsa. Komabe, aliyense amene anaumbako njerwa za sukulu, kulambula msewu, kapena kukonza mjigo pamodzi ndi anansi ake amadziŵa kuti pali vuto lina limene silitchulidwa kaŵirikaŵiri patsiku lotsegulira. Pafupifupi nthaŵi zonse pamakhala mnansi amene sanabwere. Iye sananyamule khasu kapena kusonkha kalikonse, koma ana ake adzaphunzira m'sukulu yomweyo, ndipo banja lake lidzatunga pamjigo womwewo. Kodi Mkristu amene wakhetsa thukuta ayenera kuchitanji? Kodi nayenso aleke? Kapena kodi mnansiyo aumirizidwe?

Linga Lomangidwa ndi Anansi

Vutoli nlakale. M'zaka za zana lachisanu B.C.E., m'chaka cha 20 cha Mfumu Aritasasta ya Perisiya, Nehemiya anafika ku Yerusalemu napeza linga la mzindawo lili logumuka ndi zipata zake zotenthedwa. Iye anagaŵa ntchitoyo kwa mabanja ndi magulu a anthu wamba. Ansembe, osula golidi, opanga zonunkhiritsa, ndi amalonda anagwira ntchito moyandikana. Salumu, mkulu wa theka la dera la Yerusalemu, anamanga pamodzi ndi ana ake aakazi. Ambiri anakonza gawo loyang'anizana ndi nyumba zawo, mofanana ndi mabanja a ku Orangi, ndipo linga lonse linatha m'masiku 52.—Nehemiya 3:8, 12, 28-32, 6:15.

Koma cholembedwa chimodzimodzicho sichibisa kuti ena anakana. Amuna a ku Tekowa, mudzi wokhala pamtunda wa makilomita pafupifupi 16 kummwera kwa Yerusalemu, anabwera kudzathandiza, pamene akuluakulu awo anaona ntchitoyo kukhala yosawayenerera. (Nehemiya 3:5) Anthu wamba a ku Tekowa akanatha kunena kuti: 'Ngati atsogoleri athu akhala pansi, ifenso tivutikirenji ndi linga la mzinda umene sitikhalamo?' Mmalomwake, iwo anatsiriza gawo lawo nakonzanso gawo lachiŵiri. (Nehemiya 3:27) Baibulo silisimba za chilango chilichonse choperekedwa kwa akuluakuluwo. Limangosunga mbiri ya zimene gulu lililonse linachita, ndipo mbiriyo ikuŵerengedwabe patapita zaka zoposa 2,400.

Dziŵani Chifukwa Chake Sanabwere

Tisanaweruze mnansi wathu, nkwanzeru kufunsa chimene chamuletsa. Si onse osabwera amene ali onyada monga akuluakulu a ku Tekowa. Pankhani ya lingalo, Nehemiya akusimbanso za dandaulo lalikulu limene linabuka pakati pa Ayuda okhaokha. Kunali njala. Ena anapereka minda yawo ndi nyumba zawo monga chikole kuti apeze tirigu, ena anakongola ndalama za msonkho wa mfumu, ndipo ena anali atapereka kale ana awo aakazi kuukapolo. Amene anali kuwadyera masuku pamutu anali abale awo olemera.—Nehemiya 5:1-5.

Nehemiya sanauze osaukawo kukhala chete kufikira linga litatha. Anasonkhanitsa anthu, anadzudzula olemerawo poyera, nawalumbiritsa kuti adzabweza minda ndi nyumbazo. Iye mwini, kwa zaka 12 zimene anali kazembe, sanafune chakudya chimene anthu anayenera kupereka kwa kazembe, ngakhale kuti amuna 150 anali kudya pagome lake. (Nehemiya 5:6-18) Iye anazindikira kuti linga silikanatetezera mtundu umene anthu ake anali kupwetekana mkati mwake.

Mofananamo lerolino, mkazi wamasiye amene sanafike poumba njerwa angakhale anali paganyu kuti ana ake adye tsikulo. Mwamuna wina angakhale akudwazika mkazi wake. Wina anasonkhako ndalama zaka zapitazo, ndalamazo zinazimiririka popanda wolongosola, ndipo tsopano sakhulupirira komiti iliyonse. Kulipiritsa anthu otero chindapusa ndiko kuwonjezera katundu pa munthu amene wagwa naye kale. Kaŵirikaŵiri chofunika ndicho kuwachezera, kuwapatsa gawo limene angalithe, ndi kuŵerenga poyera mmene ndalama zosonkhedwa zagwirira ntchito.

Pamene Thandizo Lisanduka Goli

Bwanji nanga za kuumiriza? Olankhula Chicheŵa ali ndi liwu limene mbiri yake ili chenjezo. Poyamba, kuthangata kunatanthauza kuthandiza, monga momwe anthu a pamudzi anathandizirana kumunda kapena pomanga nyumba. Koma kuyambira kumapeto kwa zaka za zana la 19, eni minda ikuluikulu ya kumapiri a Shire, m'dziko limene linadzatchedwa Nyasaland, anayamba kufuna kuti okhala pamalo awo aziwagwirira ntchito monga lendi, ndipo dongosololo linatchedwa thangata. Linali limodzi la madandaulo amene anachititsa kuukira kwa mu 1915 kotsogozedwa ndi John Chilembwe, ndipo linathetsedwa mwalamulo mu 1962. Kufikira lero liwulo limakumbutsa anthu za ntchito yokakamiza. Khasu linali lomwelo ndi thukuta lomwelo, koma wogwira ntchito analibenso ufulu wa kukana, ndipo phindu linali la munthu wina.

Israyeli wakale anaona zofananazo. Mfumu Solomo anasonkhanitsa amuna 30,000 a thangata kaamba ka ntchito zake zomanga. Atamwalira, anthu anapempha mwana wake Rehabiamu kuti awapeputsire goli. Iye anakana, mafuko khumi anapatuka, ndipo Adoramu, woyang'anira thangata, anaponyedwa miyala nafa. (1 Mafumu 5:13, 14, 12:1-19) Nyumba zokongolazo zinatsala, koma umodzi wa mtunduwo unatha.

Komabe, wina angatsutse kuti: 'Ngati palibe woumirizidwa, kodi sitikulimbikitsa ulesi?' Funsolo nloyenera. Mtumwi Paulo analamula kuti mpingo usadyetse munthu wokana dala kugwira ntchito, ndipo m'kalata imene analimbikitsa Akristu kuthandizana pa zolemetsa zawo, anawakumbutsanso kuti munthu aliyense ali ndi thayo lakelake. (2 Atesalonika 3:10, Agalatiya 6:2, 5) Chotero sikulakwa kuti anansi apangane malamulo, monga akuti banja lililonse lotunga pamjigo lizisonkha kangachepe kogulira zitsulo zikatha. Pangano lotero limasiyana ndi thangata pamene onse anali ndi mpata wa kulankhulapo, pamene limagwira mofanana pa mkulu ndi wamng'ono, ndiponso pamene phindu lake lili la onse. Mkristu amene wavomereza pangano lotero amalisunga, ngakhale pamene palibe womuyang'anira.—Mateyu 5:37.

Kukonza Gawo Lachiŵiri

Ngakhale ndi malamulo abwino koposa, padzakhalabe ena okolola pamene sanafese. Panopa mpamene cholinga cha mtima wathu chimaonekera. Ngati tinagwira ntchito kuti titamandidwe kapena kuti tiŵerengerane masiku ndi anansi, kukana kwa mmodzi kudzatifooketsa. Koma Yesu anasonyeza kuti Atate wakumwamba amapereka dzuŵa ndi mvula popanda kupatula minda ya osayamika, ndipo anatiuza kumtsanzira. (Mateyu 5:44-48) Mwana wa mnansi waulesi sanasankhe atate wake, ndipo madzi oipa angamdwalitse mofanana ndi mwana wathu. Kodi tingammane madzi abwino kuti tilange kholo lake?

Zoonadi, Mkristu adzakana mwaulemu ntchito imene ikuwombana ndi chikumbumtima chake chophunzitsidwa Baibulo, ndipo amadziŵa kuti mjigo kapena sukulu sizidzathetsa umphaŵi ndi imfa. Ufumu wa Mulungu wokha ndiwo udzachita zimenezo. Koma chiyembekezo chimenecho sichimpatsa chifukwa cha kukhala pakhonde pamene anansi ake akukumba ngalande. Lamulo la kukonda mnansi limagwira ntchito lerolino, pamsewu umene timayendamo tonse.—Marko 12:31, Agalatiya 6:10.

Chotero pamene tsiku la ntchito lifika ndipo muona kuti malo a mnansi wanu ali opanda munthu, kamuoneni, pakuti mwinamwake akufunikira thandizo lanu. Ngati wangokana, lankhulani naye mofatsa ndi moona mtima. Ndiyeno, monga amuna a ku Tekowa, bwererani kuntchito ndi kutsiriza gawo lanu. Ngati nyonga ilipo, konzaninso lachiŵiri, podziŵa kuti Yehova amakondwera ndi munthu wopereka mofunitsitsa.—2 Akorinto 9:7.