Kufupa ndi Kugula: Gule Wamkulu Pamaso pa Alendo

Ntchito zokopa alendo zokhalitsa, kutanthauza zija zobweretsa chuma kumudzi popanda kuwononga chimene alendowo adzera, zimayezedwa kawirikawiri ndi zinthu zowerengeka: mitengo imene yatsala m'nkhalango, nyama zimene zapulumuka kumisampha, ndi achinyamata amene apeza ntchito kwawo m'malo mothawira ku Lilongwe kapena ku Joni. Muyezo umenewu umakwanira pamene chokopa alendo ndi njovu za ku Liwonde kapena nsomba za mbuna za ku Cape Maclear, koma umaperewera pa zinthu zopatulika, pakuti chopatulika chikhoza kufa chikuonekabe ndi maso.

Vutoli limaonekera poyera m'boma la Dedza. Kumapiri a Chongoni, amene bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, kuli malo 127 a zojambula pamiyala. Zofiira zimanenedwa kuti anajambula Akafula, alenje akale, pomwe zoyera anajambula Achewa, ndipo zambiri mwa izo zimakhudza chinamwali cha atsikana ndi zilombo za nyau. Kuchigwa, ku Mua, malo a Kungoni amene wansembe wa ku Canada, Bambo Claude Boucher, anakhazikitsa mu 1976 amasunga zigoba za nyau zochuluka, ndipo apatsa osema ziboliboli a m'deralo njira yopezera ndalama. Gule Wamkulu yemwe, UNESCO inamuzindikira mu 2005 monga chuma cha anthu onse. Koma chimene chatchedwa cha anthu onse chili ndi eni ake, ndipo eni akewo amachisunga ndi chinsinsi.

M'chikhulupiriro cha Achewa, chovina pabwalo si munthu wobisa nkhope koma chilombo, mzimu wochokera kudambwe, malo obisika amene nthawi zambiri amakhala pafupi ndi manda, ndipo chimatuluka pa chifukwa: maliro, chiliza, chinamwali, kulonga ufumu. Ena amati ndalama za alendo ndizo zimadetsa mwambowu, koma ganizo limeneli siligwira mtima wa nkhani, chifukwa ndalama si zachilendo pabwalo. Oonerera akhala akufupa gule kuyambira kale, ndipo wokumana ndi chilombo panjira amapatuka n'kuponya kangachepe pansi. Kufupa ndi kuthokoza chinthu chimene chabwera mwa kufuna kwake, ndipo wofupayo amadzichepetsa. Kugula ndi kulamula kuti chinthucho chifike pa ola lakutilakuti, chivine mphindi zakutizakuti, chiimenso bwino kuti kamera ichijambule. Pamenepa wamkulu salinso mzimu koma wolipira. N'zochititsa chidwi kuti wolowa nyau amanenedwa kuti wagula njira, komatu mtengo wa kugula kumeneko ndi kumvera, kupirira ndi kusunga pakamwa moyo wonse, zimene mlendo wa tsiku limodzi sangapereke.

Sikungakhale chilungamo kuuza mnyamata wa ku Mtakataka, amene chimanga chake chapsa ndi ng'amba, kuti akane ndalama za alendo pofuna kusangalatsa ophunzira okonda mwambo wosakhudzidwa; umphawi nawo umapha mwambo, chifukwa mudzi umene anyamata ake onse asamuka ulibe woimba ng'oma. Funso lenileni ndi lakuti ndani ali ndi mphamvu yokana. Mwambo unayankha kale, pakuti ulamuliro wa gule uli m'manja mwa mwini mzinda, ndiye kuti mfumu imene inapatsidwa ufulu wokhala ndi bwalo la nyau ndi chinamwali, pamodzi ndi akuluakulu a kudambwe ndi anamkungwi. Ngati iwowa ndiwo akusankha zilombo zoyenera kuonedwa ndi anthu akunja, nyimbo zosayenera kumasuliridwa, ndi malire amene kamera isadumphe, mlendo amakhalabe mlendo, wolandiridwa ndi kuonetsedwa pokhala. Ngati kusankhako kwasamukira kwa mwini malo ogona alendo kapena kwa kampani yoyendetsa alendo, mudzi umasanduka waganyu pa mwambo wake womwe.

Pangano losiya mphamvu yokana m'manja mwa eni mwambo limawawa pochita malonda, chifukwa limatanthauza kuti tsiku lina alendo amene alipira ulendo wautali adzafika pamudzi, mwini mzinda n'kuwauza kuti lero zilombo sizituluka, ndipo woyendetsa alendo adzayenera kuwabweza osaona gule.