Kukhululuka m'mabuku achikondi a osewera a ku koleji

Mabuku a nkhani zachikondi za ophunzira ochita masewera m'makoleji a ku America amakonda kutsata njira imodzi: mnyamata wotchuka pabwalo amalakwira mtsikana, ndipo gawo lalikulu la nkhani limathera pa funso lakuti akhululukidwe kapena ayi. Funsoli ndi lakale m'chipembedzo ndi m'maphunziro a nzeru zakuya. Kodi wolakwa ayenera kuyamba walapa, kapena chikhululuko chimaperekedwa mwaulere?

Buku la Elle Kennedy lotchedwa The Mistake, la mu 2015, likuyankha kuti kulapa kuyambe. John Logan, wosewera hockey pa yunivesite yongopeka ya Briar, akhumudwitsa Grace Ivers pamene mtima wake unali udakali pa chibwenzi cha mnzake. Atabwera kudzapepesa, Grace sakhutira ndi mawu okha. Amupatsa mndandanda wa zinthu zoti achite, kuphatikizapo kumulembera ndakatulo yachikondi, ntchito yochititsa manyazi kwa munthu wozolowera kuomberedwa m'manja. Nthabwala zilimo, koma mfundo yake njolemera: kudzichepetsa kwa Logan ndiko umboni woti wasintha. Maganizo amenewa akufanana ndi a pa Luka 17:3, pomwe kukhululukira m'bale kukutsatira kulapa kwake.

Pali vuto pamenepa. Ngati munthu wakwaniritsa zonse zomwe anamulamula, ndiye kuti wabweza ngongole, ndipo wobweza ngongole safunikanso kuchitiridwa chifundo. N'chifukwa chake katswiri wa nzeru zakuya wa ku France, Jacques Derrida, ankati chikhululuko chenicheni chimakhudza zolakwa zosakhululukika zokhazokha. Tikatengera muyeso umenewo, zambiri zomwe mabukuwa amazitcha kukhululuka ndi kukambirana mtengo chabe.

The Deal, buku loyamba mwa mabuku otsatizana a Kennedy omwe The Mistake ndi limodzi mwa iwo, likufika pozama. Mnyamata wa m'nkhaniyi ndi Garrett Graham; bambo ake, omwe anali katswiri wa hockey, ankamenya iye ndi mayi ake, ndipo sanavomerepo kulakwa. Garrett sayanjana nawo. Kukula kwake kukuonekera pa kusiya kuopa kuti tsiku lina adzakhala ngati iwo. Bishopu Joseph Butler, mu maulaliki ake a mu 1726, anaphunzitsa kuti kukwiyira choipa sikulakwa, chomwe wokhululuka amasiya ndi mtima wobwezera. Pa tanthauzo limeneli, munthu angathe kukhululuka koma osabwerera m'nyumba ya womuzunza, ndipo apa olemba nkhanizi amaganiza mosamala kuposa momwe ambiri amawayesera.

Masewerawo ali ndi gawo lake. Mu hockey wolakwa nthawi zambiri amakhala kunja mphindi 2 kapena 5 kenako n'kubwerera, mlandu watha. Anyamata a m'nkhanizi amalowa m'chikondi akuyembekeza malamulo otero, n'kupeza kuti wolakwiridwa ndiye amasankha nthawi, ndipo ali ndi ufulu wokana.

Chofooka cha mabuku amtunduwu n'chakuti owerenga amayembekezera kuti awiriwo akhale pamodzi pamapeto, choncho ufulu wokanawo sugwiritsidwa ntchito pa wokondedwa. Omwe amakanidwa ndi makolo ankhanza ndi zibwenzi zakale.