Kodi Kulembetsa Chimanga cha Boma Ndi Kupemphetsa?

Miyezi ya njala ikafika, makamaka Januwale ndi Febuluwale, nthambi ya boma ya DoDMA imagawa chimanga kwa mabanja osowa, kawirikawiri thumba la makilogalamu 50 pamwezi. Ena mwa ife timazengereza kulembetsa, poti mu Kitáb-i-Aqdas Bahá'u'lláh analetsa kupemphetsa, ndipo anakweza ntchito kuti ikhale kupembedza.

Choletsedwacho ndi kusandutsa kupempha kukhala ntchito pamene mphamvu tili nazo. Banja lomwe linalima, mvula n'kudula, silinathawe khasu. Ziphunzitso zomwezi zimati amene sangathe kudzipezera chakudya asamalidwe ndi olemera komanso mabungwe oyang'anira anthu. Choncho tisagoneke ana ndi njala poopa kusekedwa.

Mayeso enieni amabwera tsiku la kalembera. Tikabisa mbuzi zathu, kapena kugawa banja limodzi kuti mayina akhale awiri, thumba lowonjezeralo lachoka pakhomo pa agogo olera ana amasiye, pakuti mayina amakhala owerengeka. Tinene zoona zokhazokha, ngakhale zoonazo zitichotse pamndandanda.

Tikambirane: tikadziwa kuti mnansi wosowa kuposa ife wasiyidwa, tingachite chiyani?