Kodi wopita kusukulu kunja amakhalabe mwana wa kwawo?

Kumapeto kwa Ogasiti msika wa fodya wa ku Chinkhoma, m'boma la Kasungu, umakhala ukuyandikira kutsekedwa, ndipo alimi a m'dera la Mfumu Yaikulu Lukwa amakhala ayamba kale kukonza nazale. Mwezi womwewo mafumu a Achewa amapita ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ndi nthawi yomweyonso pamene sukulu zaukachenjede zambiri za ku America zimatsegulira. Choncho zimatheka m'banja limodzi kuti agogo akukwera galimoto ya ku Kulamba, mdzukulu akukwera ndege pa Kamuzu International Airport ndi ndalama za mabelo a fodya m'thumba. Pomutsanzika, akuluakulu amanena mawu amodzimodzi: "Usakaiwale kwanu." Koma kodi kukumbukira kokha n'kokwanira kuti munthu akhalebe wa kwawo?

Mayeso oyamba amabwera sabata yoyamba, ndipo salembedwa papepala. Mwana amene analeredwa kuti wamkulu sayang'anidwa m'maso, kuti chinthu chimalandiridwa ndi manja awiri, amapeza mphunzitsi wa imvi akuti azimutchula dzina lake lenileni. M'kalasi amafuna kuti atsutsane ndi zomwe wamva, ndipo akakhala chete mwaulemu amaoneka ngati sanawerenge. Moni wa kwathu, uja wofunsa za ana ndi za mvula, amathera m'mawu amodzi munthu akudutsa. Lamulungu akapita kutchalitchi amapeza nyumba yaikulu, anthu ochepa, mapemphero atha ola limodzi lisanakwane. Apa mtima umayamba kufunsa kuti pa zonse anaphunzira kwawo, ulemu weniweni ndi uti, ndipo zangokhala zizolowezi za malo ndi ziti.

Kasungu ali ndi mwana wake amene anayenda njirayi kale kwambiri. Hastings Kamuzu Banda anachoka kwawo ali mnyamata cha m'ma 1915, nayenda wapansi kulowera ku Southern Rhodesia, kenako anakagwira ntchito kumigodi ya ku South Africa. Malume ake, Hanock Msokera Phiri, anali nawo pa gawo lina la ulendowu. Mpingo wa African Methodist Episcopal ndiwo unamutsegulira khomo la ku America mu 1925, ndipo anayamba kalasi pa Wilberforce, m'chigawo cha Ohio, ali kale bambo wamkulu pakati pa achinyamata. Anapitirira ku Indiana, nalandira digiri pa University of Chicago mu 1931, namaliza zaudokotala pa Meharry Medical College ku Nashville mu 1937, kenako ku Edinburgh mu 1941.

Ku Chicago kunachitika chinthu chimene ambiri sachidziwa. Katswiri wina wa zilankhulo, Mark Hanna Watkins, ankafuna munthu womuphunzitsa chilankhulo cha ku Africa, ndipo anapeza Banda. Wophunzira uja anasanduka mphunzitsi. Mawu ndi ziganizo zimene anachoka nazo ku Kasungu ndizo zinabala buku la galamala ya Chichewa limene Watkins anatulutsa mu 1937. Mu 1946 Banda anathandizananso ndi mmishonale Cullen Young kukonza buku lotchedwa Our African Way of Life, lofotokozera azungu za ukwati, chinamwali ndi ubale wa kuchikazi. Akuluakulu amati mlendo ndiye amayenda ndi kalumo kakuthwa, ndipo mlendo wa ku Kasungu uyu anali nako.

Komatu atatsika ndege pa Chileka pa 6 Julaye 1958, patapita zaka zoposa 40, anayankhula ndi anthu ake m'Chingerezi, wina akumasulira. Anapitiriza kutero pa misonkhano ya zaka zonse za ulamuliro wake.

Palibe anganene kuti Banda anaiwala kwawo. Ankakudziwa mokwanira kulembetsa mabuku. Chimene anasowa zaka zonsezo ndi anthu oti aziyankhula nawo tsiku ndi tsiku, oti amudzudzule akalakwitsa, oti akhale nawo pamaliro. Nzeru za makolo zimati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Ngati umunthu umakhala pakati pa anthu, ndiye kuti sungalongedzedwe m'sutikesi n'kukatsegulidwa patapita zaka 40 uli momwemo. Zotsatira zake zinaoneka poyera. Mu 1968 boma lake linakweza Chichewa kukhala chilankhulo cha dziko, koma mu 1981 yemweyo anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, sukulu yotengera za ku England, kumene Chilatini ndi Chigiriki zinapatsidwa ulemu woposa chilankhulo cha midzi yozungulira. Mitima iwiri ya wophunzira wa kunja inamangidwa ndi njerwa pa dothi la Kasungu.

Baibulo linalifunsa kale funsoli. Chaputala choyamba cha buku la Danieli ndi nkhani ya anyamata oyamba sukulu m'dziko la eni. Mfumu Nebukadinezara inalamula kuti aphunzire chilankhulo ndi mabuku a Akasidi kwa zaka zitatu. Mayina awo anasinthidwa, iwo sanakane. Maphunziro anawalandira, mpaka anaposa anzeru a ku Babulo. Anakana chinthu chimodzi, chakudya cha patebulo la mfumu, napempha zamasamba ndi madzi. Owerenga ambiri amayamikira kulimba mtima kwa Danieli, koma amaiwala kuti sanali yekha. Panali Hananiya, Misaeli ndi Azariya. Mfumu itaopseza kupha anzeru onse chifukwa cha loto lake, Danieli anathamangira kwa atatuwa kuti apemphere limodzi. Malire amene anadziikira ankasungidwa ndi anthu anayi odyera mbale imodzi.

Ena anganene kuti kudziunjika ndi anthu akwanu n'kuwononga mwayi. Kodi bambo anagulitsa fodya kuti mwana akakhale m'chipinda ndi Amalawi anzake, akuphika nsima ndi kudandaula za kuzizira? Mfundoyi ili ndi mphamvu. Mneneri Yeremiya analembera akapolo a ku Babulo kuti amange nyumba, alime minda, ndipo aufunire mtendere mzinda umene akhalamo. Wophunzira woopa kusintha amabwerako ndi pepala lokha. John Chilembwe, amene anapita ku America mu 1897 n'kukaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, anabwerako mu 1900 atasinthika ndithu. Zimene anaona pakati pa anthu akuda a ku America zinamupatsa maso atsopano oonera thangata, ndipo Providence Industrial Mission ya ku Mbombwe inabadwa m'kusinthako.

Mlimi wa fodya amadziwa kuti mbande siingakhale pa nazale mpaka kalekale, iyenera kuwokeredwa. Amadziwanso kuti masiku owokera akamayandikira amachepetsa madzi kuti ikhwime, ndipo pozula amasamala kuti mizu ipite ndi dothi lake. Kukhwimitsa kotereku ndi kumene mabanja ndi mipingo ambiri salabadira. Amasonkha ndalama ya ndege, amachita mapemphero otsanzikana, koma sakhala pansi ndi mwana kumuuza chifukwa chimene timagwadira akulu kapena chimene timakhalira usiku wonse pamaliro. Mwana wongodziwa kuti "ndi mwambo wathu" amasowa choyankha mnzake wa m'kalasi akamufunsa, ndipo mwina amataya zonse, mwina amakakamira zonse. Wodziwa chifukwa amatha kumutchula mphunzitsi dzina lake popanda kutaya ulemu, pozindikira kuti kumeneko ulemu umaoneka pofika nthawi yake ndi pomvetsera bwino.

Kasungu yemweyo watulutsa chitsanzo china m'masiku athu. William Kamkwamba wa ku Wimbe anasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, napanga makina a mphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi buku la mulaibulale. Anakaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, kenako pa Dartmouth College ku America, kumene anamaliza mu 2014. Iye sanadikire kumaliza sukulu kuti aganize za kwawo. Bungwe la Moving Windmills Project linayamba mu 2008, ndipo ntchito za madzi, magetsi a dzuwa ndi makalasi a sukulu ku Wimbe zinkayenda iye akadali wophunzira.

Kusiyana kwa Banda ndi Kamkwamba sikuli pa chikondi. Banda ankadalira kalata yoyenda milungu pa sitima ya pamadzi, pamene wophunzira wa lero amatha kumva mawu a mayi ake pa WhatsApp asanalowe m'kalasi, ndi kuonera pafoni maliro a malume ake. Zimenezi zikutanthauza kuti udindo suli pa wopita yekha. Otsala kwa Lukwa akamaimba foni pongofuna ndalama ya feteleza, amamusandutsa mwanayo banki. Akamamufunsa maganizo pa nkhani ya munda, kumuuza amene wadwala, kumutchula m'mapemphero a mlaga ndi kumufunsa zimene waphunzira sabata imeneyo, amamusungira malo pabwalo, ndipo iye amapeza anthu oti ayese nawo nzeru zatsopanozo zisanaume m'mabuku.